Ndili Bwino, Nuriya?

Mwamuna wina akakugwira dzanja amakhala akufuna chikondi. Zakariya akagwira dzanja la Nuriya ankaliika pakhosi pake n'kufunsa kuti, "Ukukamva kachotupaka?"

Abale inu, chibwenzi chake chinali chimenecho. Awiriwa ankaphunzira zauphunzitsi ku Cuamba, ndipo atsikana onse a pasukulupo ankavomereza kuti Nuriya anatola mnyamata: wamtali, wosadziwa kukalipa, woti akayamba kuseka umaseka naye usanamve n'komwe nkhani yake. Koma mnyamata yemweyo mutu ukangomuwawa pang'ono, basi, ndi chotupa cha mu ubongo. Akatsokomola kamodzi, chifuwa chachikulu. M'mimba mukangolira, kolera. Anamwino a kuchipatala anafika pomuzolowera ngati mlonda wa pageti. Amupima magazi, amupima makhololo, osapeza kanthu, iye n'kutuluka akumwetulira. Mawa lake mantha aja abweranso ndi dzina la matenda ena.

Sikuti anabadwa wotero ayi. Chaka chimene mvula inagwetsa nyumba ndi kukokolola milatho, kolera inalowa m'mudzi wa kwawo ku Ngauma. Mchimwene wake Haruna anadya naye chinangwa m'mbale imodzi m'mawa, tsiku lotsatira n'kumuika m'manda atamukulunga m'pulasitiki, osamusambitsa n'komwe monga chimafunira Chisilamu. Sukulu itatsegulidwanso, ophunzira n'kuyamba kubwerera, Zakariya anabwerera ndi thumba la zovala ndi mantha amenewa.

"Nuriya, tayang'ana maso angawa. Sakuoneka achikasu?"

"Uli bwino, Zaka."

"Koma wayang'anitsitsa?"

"Ndati uli bwino."

Mawu amenewo ankamugwira ngati panado: kanthawi pang'ono mtima m'malo, kenako funso lija labweranso. Nuriya ankamukonda, tisabise. Koma masiku ena ankalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti anzake asamve kuti akulira.

*

Chithandizo chinabwera pafoni. Panali maphunziro a pa intaneti othandiza ophunzira amene mantha a matenda akuwasowetsa mtendere. Munthu unkawerenga phunziro pafoni pako, n'kuyeserera zimene wauzidwa, ndipo kamodzi pa mlungu unkalankhula ndi mlangizi mukuonana nkhope. Mlangizi wa Zakariya anali mayi wina wa ku Nampula, Dotora Elena. Popeza foni inkagwira bwino pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo yodyera, chipatala cha Zakariya chinasamukira pamenepo.

Tsiku lina Dotora Elena anapempha kuti Nuriya akhalepo.

"Nuriya, mnzakoyu akakufunsa ngati ali bwino, umamuyankha chiyani?"

"Ndimamuuza kuti ali bwino. Nanga ndizinena chiyani?"

"Akamva zimenezo amasiya kufunsa?"

Nuriya anaseka kaseko kotopa. "Kusiya? Uyuyu?"

"Ndiye tamvera. Mantha akewa ali ngati mphaka wa kwa aneba. Ukamuponyera mutu wa nsomba amachoka, koma mawa amalawirira pakhomo pako pomwepo. Yankho lako lija ndiwo mutu wa nsombawo. Iwe ukuti ukumuthandiza, chonsecho ukunenepetsa mphaka."

Nuriya zinamuwawa. "Ndiye ndizingomuyang'ana akuvutika?"

"Ukhale naye, umugwire dzanja ngati ukufuna, koma funsolo usayankhe. Mantha amakwera, amafika pachimake, kenako amatsika okha popanda wowatsitsa. Zimenezo n'zimene ayenera kudzionera yekha. Akatsekula m'mimba kapena thupi likatentha, thamangani kuchipatala, musachedwe. Koma zongomva mtima kugunda, ayi."

Foni itazima, Zakariya anatembenukira kwa Nuriya maso ali psuu.

"Ndikukupempha ndine, osati dotora. Ndatopa, Nuriya. Ndikufuna ndidzakhale mwamuna wako, osati wodwala wako. Ngakhale ndilire, ngakhale ndikunyoze, usadzandiyankhe. Lumbira."

"Zaka, zolumbira ndi za chiyaninso?"

"Lumbira."

"Wallahi," anatero Nuriya.

Milungu yoyamba inali ya moto. Zakariya ankafunsa, Nuriya n'kumangoti, "Ndili pano, koma limenelo sindiyankha." Mnyamata ankatuluka thukuta, kuyendayenda, kumutchula wouma mtima, kenako n'kukhala pansi n'kuyamba kuseka yekha. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kufufuza mayina a matenda pafoni. Mwezi unatha osaponda kuchipatala. Atadya bajiya za pamsika osafunsa kuti wokazinga anasamba m'manja kapena ayi, awiriwa anayang'anizana n'kugwirizana kuti nthawi yakwana yoti akulu adziwe.

*

Koma pamene pali chikondi sipalephera munthu wa diso lofiira. Nuriya ankagona chipinda chimodzi ndi Rabia, mtsikana wa kwawo komwe ku Mandimba, nyumba zawo zongoyang'anizana. Chaka choyamba Rabiayo ankachapira Zakariya malaya osatumidwa, mnyamata n'kumangothokoza ngati mlongo wake. Chilonda chimenecho sichinapole.

"Koma mnzanga ndiwe wolimba mtima," anatero Rabia tsiku lina akudzola mafuta kumapazi. "Ine mwamuna wanga azikhala pansi pa mango, zomvera m'makutu, kumwetulira ndi mzimayi wa pafoni, ine n'kumangoti zii?"

"Ndikumudziwa mzimayiyo."

"Eee? Ndiye mwagwirizana kale za mitala?"

Nuriya anangoluma mlomo. Zakariya anali atamupempha kuti nkhaniyi isatuluke. Pasukulu ukangomveka kuti ukulankhula ndi dotora wa maganizo, mawa dzina lako ndi wamisala.

"Nanga zakuchipatala zija?" Rabia anapitiriza, mawu ali ofewa ngati akumumvera chisoni. "Munthu wabwinobwino sapimitsa magazi mlungu ndi mlungu, Nuriya. Ndikukuuza ngati m'bale wako."

Tchuthi chitayandikira, Rabia anatsogola kupita kumudzi. Sipanathe masiku, foni ya Nuriya inalira. Anali mayi ake, a Asima.

"Mwanawe, undiuze zoona. Mnyamata wakoyu akudwala chiyani?"

"Sakudwala, amayi."

"Nanga amake Rabia akuti kuchipatala cha ku Cuamba amamudziwa ndi dzina? Akutinso ali ndi mkazi wina wa pafoni. Amalume ako amva, ndipo sanadye dzulo."

Nuriya anakhala pabedi. Anafuna kufotokoza, koma akanayambira pati? Anangoti, "Mudzamuona nokha Loweruka."

*

Nyumba ya a Asima inali yatsopano, yomangidwa pamene panagwa yakale. Njerwa zinali zosapaka, m'mazenera munali masaka m'malo mwa magalasi, ndipo njerwa zotsala anaziunjika kuseri pafupi ndi khitchini. Amene anaimanga ndi a Abdulu, mchimwene wa a Asima, mwini mbumba. Pankhani ya ukwati wa Nuriya, mawu omaliza anali awo.

A Abdulu sanali munthu woipa. Anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, n'kubwerera kwawo ndi khasu lokha, ndipo chilichonse chimene anali nacho anachikumba ndi manja awo. Koma anali ndi bala. Mwana wawo Farida anakwatiwa ndi mwamuna wooneka bwino amene anabisa matenda, ndipo a Abdulu anaika mwanayo m'manda asanaone mdzukulu.

Loweruka m'mawa anaitana Nuriya pakhonde. Iye anagwada chapatali.

"Ndamva zambiri," anatero. "Sindiweruza munthu ndi mawu a azimayi a pachitsime. Abwere, akhale pamkeka panga, adye nane. Munthu wodwala amaonekera pambale."

"Amalume, iyeyu ndi munthu wabwino."

"Wa Farida analinso munthu wabwino." Anayang'ana kumbali. "Manja angawa sadzakumbanso manda a mwana wamkazi. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Atalowa m'nyumba anapeza uthenga pafoni: *Takwera kabasi ka shapa, tadutsa Massangulo. Mtima ukugunda koma sindikufunsa kanthu. Wanyadira?*

Anayankha: *Ndanyadira. Ukafika udye chilichonse chimene akupatse. Chilichonse, Zaka.*

*

Alendo anafika dzuwa lili pamutu, Zakariya ndi amalume ake a Hassani, nkhalamba yochezeka ya ndevu zoyera. Anapatsana salamu, anafunsana za mvula, za chimanga, za amene anamanganso ndi amene akugonabe m'zisakasa. Nuriya ankasuzumira pakabowo ka saka la pazenera. Mnyamata wake anali atavala mkanjo woyera, ndipo ankayankha mafunso mwaulemu mpaka a Abdulu anagwedeza mutu kangapo.

Kenako a Asima anatulutsa beseni la madzi osamba m'manja. Nuriya anali atapempha kuti pakhale jagi yothirirana, koma a Abdulu anakana kuti zothirirana ndi za kuchipatala. Pakhomo pawo amuna amasamba m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu. Anasamba a Hassani. Anasamba a Abdulu, amene anali atangochoka kumangirira mbuzi. Beseni linafika kwa Zakariya madzi atachita mbuu.

Mnyamata analiyang'ana. "Ya Allah, mugwireni dzanja," Nuriya ananong'ona.

Zakariya anaviika manja onse awiri. Anati Bismillah, n'kupisa m'mbale yaikulu ya mpunga ndi nyama ya mbuzi, momwe munkapisanso akuluakulu aja. Anadya. A Abdulu anamukankhira chiwindi, anadya. Anamupatsa kapu ya madzi a pachitsime, anagugudiza. Nuriya anadziphimba kukamwa ndi mpango kuti asalulutire. Anthu inu, amene simunaonepo munthu akulimbana ndi kapu ya madzi simungamvetse, koma mtsikanayu anaona ngati mwamuna wake wapha mkango.

Anathamangira kukhitchini kukatereka tiyi. Nkhani yeniyeni, yofunsira mbeta, inkayembekezera tiyi ameneyo.

*

Madzi asanawire anamva mapazi kuseri. Anali Zakariya, atatsamira mulu wa njerwa uja, dzanja lili pamimba, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Zaka! Ukutani kuno? Akakuona amalume?"

"Ndawauza kuti ndikukataya madzi. Nuriya, m'mimba mwanga mukulira."

"Wadya mbuzi, nanga musalire?" Anadzigwira pakamwa, pozindikira kuti akuyamba kale kuyankha. "Watsekula?"

"Ayi."

"Wasanza?"

"Ayi, koma ndikumva kuti zikubwera. Madzi aja, Nuriya. Chitsime chanuchi sichinalowe madzi osefukira? Tandiyang'ana. Maso sanalowe m'kati? Ndili bwino?"

Mawu aja anali pamlomo penipeni. Kungowalavula basi, mnyamata akanapuma, n'kubwerera pamkeka, n'kumwa tiyi. Koma Nuriya anakumbukira nkhope yomweyi pansi pa mango ikumulumbiritsa. Anakumbukira masiku onse amene anakana kuyankha mantha n'kutsika okha. Anadziuza kuti atsikanso, angofunika kanthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Ndili pano, Zaka. Koma limenelo sindiyankha."

"Lero lokha, chonde."

"Puma pang'onopang'ono monga anakuphunzitsira. Akwera, atsika."

"Satsika! Lero satsika! Haruna anayamba chonchi, Nuriya. Tinadya mbale imodzi, anati m'mimba mukulira, ine ndinamuseka. Ndinamuseka!" Misozi inali mbwembwembwe. "Tangonena kuti ndili bwino, ndibwerera pompano."

"Unandilumbiritsa ndiwe."

"Ndikukumasula ndine!"

"Unati ngakhale ulire."

Zakariya anamuyang'ana ngati munthu wachilendo. Nuriya anatambasula dzanja kuti amugwire, iye analikankha.

"Nuriya!" a Asima anaitana ali m'nyumba. "Makapu aja waika kuti?"

"Dikira pomwepo, ndikubwera," anatero Nuriya, n'kuthamangira m'nyumba. Sanachedwe. Anangotenga makapu pashelefu n'kuwapatsa mayi ake. Atatuluka anapeza njerwa zokha, ndi mpata pampanda wa udzu pamene munthu anadzipanikiza potuluka.

Anaimba foni, sinayankhidwe. Anaimbanso. Anayesa ya Dotora Elena, koma linali Loweruka, ndipo foniyo inangomuuza masiku ndi nthawi zimene alangizi amapezeka. Anaima pakati pa bwalo ndi ketulo m'manja, osadziwa kuti alowere kuti.

*

Tiyi anafika pamkeka, anathiridwa, anazizira. A Hassani anakamba za mtengo wa fodya, anakamba za msewu wa ku Lichinga, mpaka nkhani zinawathera.

"Mnyamata wathuyu wachedwa," anatero akuseka mokakamiza. "Kapena wasochera m'chimangamo."

A Abdulu sanaseke.

Ndiye poti tsoka sasimba, pageti panatulukira Rabia, chitenje chatsopano cha kapulana m'chiuno, akuti wabwera kudzabwereka sefa. Sefa tsiku la alendo! Anagwada mwaulemu wonse, n'kupereka moni.

"Pepani, kodi alendo aja adwala?" anafunsa, maso ali pansi. "Ndaona a Zakariya akwera njinga yamoto pamsewupo. Amauza woyendetsa kuti athamange nawo kuchipatala."

A Abdulu anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"A Hassani, mundiuze chimodzi mwa ziwiri. Kapena mwana wanuyu ali ndi matenda amene mukundibisira, kapena akuganiza kuti tamuthirira mankhwala m'chakudya. Chachitatu palibe."

"Bambo, tiyeni tidikire abwere afotokoze yekha."

"Afotokoze chiyani? Mbuzi ndapha ndine. Chiwindi ndamupatsa ndi dzanja langa. Wachoka pamkeka panga n'kuboola mpanda ngati wakuba!"

Nuriya sanathenso kubisala. Anatuluka n'kugwada pafumbi, pamaso pa amuna, chinthu chimene mtsikana wofunsiridwa sachita.

"Amalume, ndimvereni. Magazi ake ndi abwino, anapimitsa kambirimbiri. Chimene chimamuvuta ndi mantha. Mchimwene wake anamwalira ndi kolera, ndiye kuyambira pamenepo amangoona ngati nayenso akufa. Akulandira chithandizo. Mzimayi wa pafoni uja ndi dotora wake, amamuphunzitsa kulimbana ndi manthawo. Anayamba kuchira, amalume, ndikulumbira. Lero wabwera kuseri kudzandifunsa ngati ali bwino, ine ndakana kumuyankha, chifukwa ndi mmene anatiuzira dotora. Wolakwa ndine."

A Abdulu anamuyang'ana. Mkwiyo unachoka pankhope pawo, panatsala chisoni, ndipo chisonicho chinamuopsa Nuriya kuposa mkwiyo.

"Matenda ochizidwa pafoni," anatero motsitsa. "Mankhwala ake, mkazi asamayankhe mwamuna wake akamalira. Mwana wanga, ukudzimva zimene ukunenazi?"

"Zimathandiza, amalume."

"Zathandiza lero?" Anapukusa mutu. "Tingoti ndakukhulupirira. Alibe kachilombo, ali ndi mantha. Tsiku limene iwe udzadwale, adzakusamala ndani? Mwana akadzatsekula m'mimba, bambo ake adzaboola mpanda uti? Ine ndimafuna mkamwini woti ndikafa ndisiye mbumba m'manja mwake."

Funso limenelo Nuriya nayenso ankadzifunsa kubafa kuja mpopi ukutuluka madzi.

A Hassani anadzuka, anavala nsapato zawo mwakachetechete, n'kutsazika ndi mawu ochepa. Nkhani imene inawabweretsa kuchokera ku Ngauma sanaitchule n'komwe. Rabia anachoka osatenga sefa.

*

Chakumadzulo, Nuriya akutsuka mbale yaikulu ija kuseri, foni inalira. Anaiyankha manja ali thovu.

"Zaka! Uli kuti?"

"Ndili panja pa chipatala." Mawu ake anali otopa, a munthu amene walira mpaka kukhuta. "Andipima. Akuti palibe chilichonse. Andipatsa timapaketi ta madzi a mchere n'kundiuza kuti ndizipita."

Nuriya anatseka maso, kudikira. Anadikira kuti afunse za amalume ake amene anawasiya pamkeka. Anadikira kuti afunse ngati nkhani ya ukwati yakambidwa, kapena angoti pepa.

"Nuriya?"

"Ndikumva."

"Namwino wake anali wothamanga kwambiri. Sanandigwire n'komwe pamimba. Iweyo ukuganiza kuti wandipima bwino? Ndili bwino?"

Mtsikana anakhala pansi pafumbi pomwepo. Analibenso mphamvu zosunga lumbiro, analibenso choti ateteze.

"Uli bwino, Zaka," anatero akulira. "Uli bwino. Uli bwino."

Anamva mnyamata akupuma mpweya wautali kumbali inayo, kupuma kwa munthu amene watula katundu. Mawu omwewo masana akanagula ukwati. Tsopano anangogula kanthawi kochepa ka mtendere.

Mthunzi unagwera pambale zija. A Abdulu anali ataima kumbuyo kwake, ndipo anatambasula dzanja. Nuriya anawapatsa foniyo, poti akanatani?

"Mnyamata, ndine Abdulu," anatero mosakweza mawu. "Sindikukutukwana. Mulungu akuchiritse, ndikunena zochokera pansi pa mtima. Koma nambala ino usaimbenso. Ndipo sukulu ikatsegulidwa usavutike kumudikira pa siteshoni. Nuriya ku Cuamba sabwererako."

Anazimitsa foni, anaiika m'thumba la mkanjo wawo, n'kunyamuka kupita kumzikiti.